Chinaka Sichichita Maluwa mu Ogasiti

Zolozolo, Mzuzu
Lachinayi masana

Temwa, mdzukulu wanga,

Monire. Ndakhala pakhonde ndi kope lako lakale, ndang'ambamo masamba apakati amene sunalembemo. Iwe wapita m'tauni kukagula loko wa sutikesi, ndipo ndikudziwa kuti pobwera udzera ku Chibanja kwa agogo ako enawo, ndiye nthawi ndili nayo yambiri. Mawa ukwera basi ya ku Lilongwe, mkucha ndege ya ku Sikotilandi. Kalatayi ndiibisa m'thumba la jekete lako, uiwerenge uli m'mwamba, kumene sungathe kundiyankha. Chitumbuka n'cha pakamwa, kulemba anatiphunzitsa m'Chichewa, ndipo ndinalekera Sitandade 3. Ukapeza chilembo chagona chammbali, uchidzutse wekha.

Ndiyamba ndi chimene chikundiwawa, chifukwa ndikachisunga chinditupitsa. Lamlungu lija, pa phwando lokutsanzika muholo ya tchalitchi, unaimirira ndi maikolofoni n'kunena kuti, "Ndithokoze agogo aNyaMsiska, amene anandiphunzitsa kukonda maluwa." Anthu m'manja phwaphwaphwa. Asebele angawo, amayi a bambo ako, anaweramitsa mutu ngati sakufuna, koma magalasi anawakonza kawiri kuti wakumbuyo awaone bwino. Kenaka unati, "Ndi agogo aNyaHara, amene anandilera ndi chinaka." Holo yonse inaseka. Nanenso ndinaseka, mano osekera ndikadali nawo angapo.

Kukulera ndi chinaka n'zoona. Mayi ako atamwalira unabwera muno uli ndi zaka zinayi, ndipo unakulira pambali pa mtondo. Kusinja timbatata tija unakuona, chidulo unachidontheza wekha, nsinjiro unkaba m'lichero. Koma ndikufunse, iwe wa digiri: chinaka n'chiyani? Si kambatata ka duwa lomwelo limene likukukweza ndege? Inu ophunzira mumati maokidi. A asebele amakhala m'miphika pakhonde la simenti ku Chibanja, anga amakhala m'matope. Iwo anakuphunzitsa Loweruka ndi Lamlungu, ine ndinakuphunzitsa masiku onse, koma m'manja anaomberedwa ndi iwo. Nsanje ndili nayo chomene, ndipo sindipita nayo kwa abusa, ndabwera nayo kwa mwiniwake.

Tsono imva chimene ndikufuna, ndisanayambe kuzungulira. Unati sukulu yako idzakupatsa tikiti imodzi pachaka yobwerera kuno. Unati udzabwera mu Ogasiti, ukatha kuwerenga maluwa akumeneko amene amatuluka Juni ndi Julayi. Usabwere mu Ogasiti. Ubwere pa tchuthi cha Khirisimasi, ukhale mpaka Januwale alowe. Ndikudziwa kuti ndi miyezi itatu yokha kuchokera lero, ndiponso kuti ukatero chaka chotsalacho udzakhala kumeneko osaona kwanu. Ndikudziwa. Ubwerebe Januwale. Chifukwa chake ndi dambo, ndipo nkhani ya damboli sindinakuuzepo.

Pamene ndinkabwera mu Mzuzu muno ndi malemu agogo ako aamuna, tauni inkathera pafupi. Kuno kunali tchire, nkhungu inkagona m'madambo mpaka dzuwa likwere, ndipo chinaka chinali paliponse pamene phazi likumira. Ntchito yokumba chinakayo ndinabwera nayo kuchokera kwa mayi anga ku Viphya. Anthu amaganiza kuti wachinaka amayamba ntchito chilimwe, ndi kakhasu. Ayi. Ntchito imayamba dzinja, ndi maso. Mvula ikakhazikika, Khirisimasi ikadutsa, umalowa m'dambo madzi ali m'akakolo, kukaona amene achita maluwa. Pamenepo mpamene umadziwa kuti uyu ndi wabwino, uyu ndi wamadzimadzi amene sagwira mumphika. Ukapeza wabwino umamanga mfundo pa udzu wapafupi, n'kumapita. Sukumba. Umadikira maluwa agwe, njere ziuluke, phesi liume. Ukabwerera nthawi yokolola chimanga itatha, dambo lonse ndi udzu wofanana, koma mfundo zako zimakuitana. Ndipo sukumba onse. Pa atatu umasiya mmodzi.

Kulakwa kwanga koyamba kunali pakamwa. Ndinali ndi mnzanga pamsika, tinkayala mabeseni moyandikana. Chaka china mwamuna wake anadwala, ndinamumvera chisoni, ndinamutenga kukamuonetsa dambo langa lalikulu la cha ku Ching'ambo. Ndinamuuza zonse, za mfundo, za kusiya mmodzi. Anandithokoza nati yewo, yewo chomene, mpaka misozi. Patatha sabata ndinapeza dambo ngati mwadutsa nguluwe. Anabwera ndi azilamu ake, anakumba maluwa akadali pa mapesi, timbatata tisanakhwime n'komwe. Chaka chotsatira sipanamere kanthu. Lero pamenepo pali nyumba za lendi ndi chigayo. Kumene ukupitako udzapeza anthu okoma pakamwa, ofuna kudziwa chimene ukudziwa. Uwathandize, sindikukuletsa. Koma uyambe waona mmene munthu amagwirira chinthu chimene si chake.

Kuyambira tsiku limenelo ndinatseka pakamwa, ndipo kumeneko ndiko kulakwa kwanga kwachiwiri, chifukwa ndinatsekera ndi iwe womwe. Ndinatsala ndi malo amodzi, kadambo kakang'ono kuseri kwa Zolozolo kuno, kumene kumamera chinaka chofiira. Masamba ake ndi awiri, amagona pansi ngati timbale. Phesi limafika m'bondo, maluwa n'kusanjikana mpaka kunsonga, ofiirira ngati usinini wa khanda, lililonse ndi tinyanga tiwiri kumbuyo. Ukukumbuka uli chaka chachitatu ku yunivesite, unandifunsa kuti, "Agogo, chinaka mumakumba kuti? Aphunzitsi athu akufuna tikaone." Ine ndinati, "Kutali, sungafikeko." Ndinanama. Ndi ulendo woti ukateleka nyemba umabwerako zisanapse. Tsiku limenelo unali utangochokera ku Chibanja, foni yodzaza zithunzi za maluwa a asebele, ukundionetsa chimodzichimodzi, pakamwa posatseka. Mumtima ndinati, apite akafunse omwewo a miphika. Ndiye unakwera lole ndi anzako mpaka ku Nyika kukafuna chinthu chimene chinali kuseri kwa nyumba yako. Nsanje inandidyetsa zimenezo. Iwe usadzabise chinthu kwa munthu wako chifukwa choti waseka ndi wina.

Tsopano kadamboko kakutha. Tauni yafika. Ana a yunivesite achuluka, aliyense akumanga timanyumba towagoneka. Oumba njerwa adya kale mbali ya kumtunda. Mwezi wathawu ndinapeza zikhomo zopaka penti yofiira, china chakhomedwa pakati penipeni pa mfundo zanga. Mwini puloti ndinakumana naye, mwana waulemu ndithu, anandipatsa moni wa manja awiri, n'kundiuza kuti mvula ikubwerayi ikangotha ayamba kukumba maziko. Ndiye dzinja latsala limodzi. Ukabwera Januwale udzachiona chili m'maluwa, udzachijambula, udzachilemba m'mabuku ako, ndipo tidzamanga mfundo limodzi. Mapesi akauma ine ndidzakumba, osati zophika, koma zosamutsa, n'kukazibzala kumene iwe unene. Ukabwera mu Ogasiti ndidzakuonetsa khoma la bafa la munthu, n'kumati apa panali duwa. Ndipo inu ophunzira simukhulupirira chimene simunachione. Ubwere Januwale, Temwa.

Mwina ukuti agogo akungolimbana ndi anzawo, poti Ogasiti ndi mwezi umene maluwa a ku Chibanja amayamba kutsegula. Pang'ono n'zoona. Ndipo poti ndayamba kuulula, imva kulakwa kwachitatu, kumene ndakhala nako zaka zambiri kuposa zako.

Bambo ako ndi mayi ako atangokwatirana, asebele anapita ku Ulaya ku maphunziro a uphunzitsi miyezi ingapo, ndipo anabwerako ndi maokidi awiri m'timiphika. Anafika nawo mapesi atatuluka kale, ndipo mu Febuluwale anatsegula, oyera mbee, aakulu ngati chikhatho cha mwana. Mpingo wonse unkapita kukaona. Ine ndinayang'ana n'kunena mumtima kuti palibe chachilendo, amatsata mvula ngati anga. Chaka chotsatira, dzinja lili pakati, asebele anapita kumudzi kukadwazika mayi awo, kiyi anasiyira ine. Anati, "Madzi pang'ono, asebele, kamodzi pa sabata, basi." Ndinapita Januwale yense, duwa palibe. Febuluwale walowa, masamba okhaokha. Nditasuzumira mumphika ndinapeza mulibe ndi dothi lomwe, makungwa a mtengo okhaokha. Ndinati, mayi ameneyu sukulu yamupweteka, akupha zomera ndi njala. Ndinakatapa matope akuda a kudambo kwanga, ndinadzaza mphika umodzi, n'kuutulutsa panja kuti mvula iugwere. Winawo ndinausiya dala, kuti akabwera aone kusiyana, ndiwauze pamaso pa anthu kuti duwa lanu lachita maluwa m'manja mwa wa Sitandade 3. Patatha masabata awiri masamba anachita chikasu, mizu inawola, fungo ngati kabichi woiwalika. Ndinataya matope, ndinatsuka mphika, ndinabwezeramo makungwa, ndipo atabwera ndinati langofa lokha. Iwo anangoti, "Zimachitika." Lotsala lija, limene sindinalikhudze, linakhala duu dzinja lonse, linapirira kuzizira kwa Juni ndi Julayi, kenaka linatulutsa phesi n'kutsegula chilimwe chili pakati, kunja fumbi lokhalokha. Kuyambira pamenepo limatero chaka chilichonse, ndipo ana ake ndi amene adzaza khonde lija. Ine ndinangoti ndi duwa lamisala.

Dzulo m'mawa ndinameza manyazi, ndinavala chitenje chatsopano, ndinapita ku Chibanja. Nkhani yako ya Juni ndi Julayi inkandisowetsa mtendere. Ndinawapeza akupukuta masamba a maluwa awo ndi kansalu, ngati akusambitsa mwana.

"Mwawuka uli, asebele?" anatero.

Ndinati, "Tawuka. Inu munaphunzitsa ana zaka zambiri, tandiuzani. Mwana uja akuti kumene akupitako maokidi a m'tchire amatuluka Juni. Akundinamiza, kapena maluwa akumeneko ndi opusa?"

Anaseka, analowa m'nyumba, anabwera ndi lalanje ndi singano yolukira juzi. Anabaya lalanje pakati, analipendeketsa, anaimika fulasiki ya tiyi patebulo nati limeneli ndi dzuwa. Kenaka mayi wamkulu uja anayamba kuzungulira tebulo, lalanje m'manja, masilipasi akukhwekhwereza.

"Dziko ndi ili, lapendekeka chonchi, ndipo siliweramuka. Ife tili mmunsi mwa lamba wapakatiyu, Temwa akupita pamwamba apa. Ndikaima uku, mbali yathu yaweramira kudzuwa. Kwathu kwatentha, mvula yabwera, chinaka chanu chadzuka. Nthawi yomweyo kwa iwo masana afupika, pansi pauma gwa ndi chisanu. Ndikazungulira uku, zatembenuka."

Ndinati, "Ndiye ife tikamafunda mabulangete awiri mu Juni, iwo avula majuzi?"

"Eya."

"Khirisimasi amadyera m'chisanu? Popanda chimanga m'munda?"

"Popanda ndi tsamba lomwe pamtengo."

Ndinati anthu amenewo ndi ofunika kuwapempherera. Kenaka ndinafunsa, maso ndili kumbali, kuti nanga lanu lija linasinthiranji mwezi.

Anati, "Duwa siliwerenga kalendala, asebele. Lanu limamvera mvula. Langali limamvera usiku wozizira, likaumva kwa masabata angapo limatulutsa phesi. Chaka choyamba linabwera ndi kuzizira kwa kwawo m'thupi, n'chifukwa linatsegula mu Febuluwale. Kenaka linayenera kudikira kuzizira kwa kuno. Silinali kudwala, linali kuphunzira dziko. Mnzake uja akanaphunziranso, akanapanda kudya matope a ku Zolozolo."

Temwa, tiyi anali m'kamwa. Ndinamumeza ngati mwala.

Ndinati, "Munadziwa?"

"Mphika munatsuka bwino, koma kunsi munaiwala. Dothi linali lakuda. Ku Chibanja kuno dothi n'lofiira."

Zaka zonsezi mayi ameneyu wakhala akundipatsa moni wa mtendere m'tchalitchi, akudziwa. Ndikanakonda akanandilalatira tsiku lomwelo, tikanathana. Uyu ndiye munthu amene unamuombetsera m'manja, umusamale, ndi wozama.

Chimene ndikutapa m'nkhani imeneyi n'chokhudza iwe. Ukupita ndi nyengo ya kuno m'thupi. Disembala akadzafika mphuno yako idzafuna fungo la mvula yoyamba pafumbi, khutu lidzadikira bingu ndi achule, koma udzapeza mdima ukugwa anthu asanaweruke kuntchito. Udzakhala duu ngati duwa lija. Anzako adzaoneka ngati akuthamanga, iwe masamba okhaokha. Usadzati ndine wolephera. Usadzadzithire matope kuti uchite maluwa msanga, kaya ndi mowa, kaya ndi mwamuna woyamba kukumwetulira pa basi, kaya ndi kuwerenga osagona mpaka kudwala. Ndipo wina akadzabwera ndi nzeru zake, ngati mmene ndinabwerera ine ndi beseni langa la matope, n'kumati ndikudziwa chimene ukusowa, udzamuthokoze n'kutseka chitseko. Madzi pang'ono, kamodzi pa sabata. Pamenepo asebele ananena zoona, ngakhale zikundiwawa kulemba.

Uvale juzi ndakulukira, ngakhale mkono umodzi watalika. Udye, usamangomwa tiyi ndi bisiketi. Timbatata ndinafuna kukuikira m'sutikesi ndachotsa, poti unati pa bwalo la ndege amalanda, ndipo sindifuna chinaka changa chikathere m'manja mwa msilikali wosachidziwa. Kumeneko udzapeza agogo ena achizungu okhala ndi maluwa m'nyumba za magalasi, adzakuitanira tiyi, adzakuphunzitsa maina aatali. Uwalemekeze, uwanyamulire thumba. Koma usawatche agogo. Awiri takwana, ndipo mmodzi wachuluka kale.

Ndisanachoke ku Chibanja ndinawauza asebele za dambo, za zikhomo, ndi za tikiti yako imodzi. Ndinali nditakonzeka kukangana, mawu ndinali nditawanola m'njira monse. Iwo anangoika lalanje pansi nati, "Abwere Januwale. Angawa ndidzamujambulira pafoni, sathawa." Waona? Ngakhale kugonja amagonja mokuti iwo ndiwo aoneke abwino. Ndinakwiya chomene, ndinasowa poluma.

Koma atandiperekeza pageti anandigwira mkono, mawu atatsika, nati, "Asebele, mudzanditenge nane. Ine chinaka ndimangodya. Sindinachionepo chili m'maluwa."

Wamva, Temwa? Mphunzitsi wa zaka zonse zija, wa ku Ulaya, wa lalanje ndi singano, sanaonepo. Ndinayenda kuchokera ku Chibanja mpaka ku Zolozolo osamva bondo, wa kabaza anandiimira ndinamukana. Ndinawayankha kuti ndiganiza.

Ndaganiza. Malowo sindilemba m'kalata muno, pepala limatayika ndipo oumba njerwa amadziwa kuwerenga. Amene akufuna kuona abwere ndi miyendo yake. Ukafika kumeneko, usanagule ndi supuni yomwe, upite kwa amene amasunga matikiti ukawauze kuti yako ndi ya Khirisimasi. Akafunsa chifukwa, uwauze kuti kwanu dziko linapendekekera kwina, maluwa a agogo ako sadikira tchuthi cha azungu. Ukazengereza mpaka Ogasiti udzandipeza, Mulungu akalola, ndipo ndidzakuphikira, koma ku dambo sitidzapita, kudzakhala kulibe.

Majombo ako a m'matope ndawatsuka, ndawapachika kuseri kwa chitseko. Asebele adzabwereke awo, ndipo adzanyamule ambulera. Kutsogolo kudzakhala ine, iwe pakati, iwo kumbuyo, ndipo akadzamira m'matope tidzawazula, koma osati mothamanga. Tikadzafika udzagwade, udzayang'ane tinyanga tija mmene ungafunire, udzajambule, ndidzakuonetsa mmene mfundo imamangidwira. Ukadzatha udzaimirire, unenenso mawu aja a muholo, koma uwakonze. Maikolofoni sindifuna, kuomba m'manja sindifuna. Amve munthu mmodzi yekha, amene adzakhale atagwira ambulera.

Uyende makola, mwana wa mwana wanga. Chiuta akusunge uko dzuwa likuchepa.

Ndine agogo ako a m'matope,
NyaHara